Laisensi Muli Nayo, Koma Phiri la Chiweta Silikudziwani

Mukadutsa pa mageti a makampani onyamula katundu ku Kanengo kapena ku Chirimba m'mawa wa Lolemba, simulephera kuona anyamata angapo ataima chapatali ndi mlonda, aliyense enivelopu ya khaki m'manja. Mkati mwa enivelopuyo muli fotokope ya laisensi yoyendetsera thiraki, chiphaso cha unzika, mwina ndi kalata ya amfumu kapena ya abusa. Ambiri mwa iwo laisensiyo anaivutikira: wina anagulitsa soya wa chaka chonse, wina anatumiziridwa ndalama ndi achemwali ake a ku Joni. Akalowa mu ofesi, funso limakhala lomwelomwelo. Mwayendetsapo zaka zingati? Ku Beira munafikako? Ku Dar? Mnyamata akati ayi, amauzidwa kuti asiye mapepala, adzaimbiridwa foni. Foniyo silira.

Apa ndi pamene pali mfundo yothina pa nkhani yonse yophunzira kuyendetsa thiraki. Kampani ikufuna munthu amene wayendapo kale m'misewu yakunja, koma munthu sangayendemo popanda kampani yomupatsa galimoto. Sukulu yoyendetsa galimoto imakufikitsani pa laisensi n'kukutsanzikani pomwepo. Ntchito yeniyeniyo imaphunziridwa kwina, kwa anthu ena, m'njira imene palibe anailemba m'buku.

Tiyambe ndi chifukwa chake ntchitoyi ili yaikulu chotere kwathu kuno. Malawi alibe doko la panyanja yamchere. Feteleza, mafuta a galimoto, tirigu, mankhwala, zitsulo, zonse zimatsikira pa madoko a eni ake: Beira ndi Nacala ku Mozambique, Dar es Salaam ku Tanzania, Durban ku South Africa. Fodya, tiyi, shuga ndi nandolo wathu zimatulukira komweko. Kale katundu wambiri ankayenda pa sitima ya pamtunda kudzera njanji za ku Beira ndi Nacala. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, njanji zonse ziwiri zinaduka, ndipo dziko linatembenukira ku msewu. Madalaivala a nthawi imeneyo ankadutsa chigawo cha Tete pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali, ena n'kumazungulira ku Zambia, ndipo ndi nyengo yomweyo pamene njira ya kumpoto yopita ku Dar es Salaam inakonzedwa kuti tizidalira. Mtendere unabwera mu 1992, njanji ya ku Nacala inadzukanso, koma katundu wochuluka sanabwererenso ku sitima. Mpaka lero ali pa matayala. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Beira ndi makilomita oposa 800, Lilongwe mpaka Dar es Salaam oposa 1,500, ndipo wa ku Durban amadutsa 2,000. Madalaivala atanyanyala ntchito mu 2021 pa nkhani ya malipiro, sipanathe masiku ambiri mizere ya galimoto isanayambe pa malo omwetsera mafuta.

Tsono zilembo za pa laisensi. Malawi amatsata dongosolo la mayiko a SADC, ndipo amene amayesa ndi kupereka ziphaso ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene tonse timangoti ku Road Traffic. Chilembo B ndi cha galimoto zing'onozing'ono zosapitirira makilogalamu 3,500 pamodzi ndi katundu wake. C1 ndi ya malole apakati, kuyambira pamenepo kukafika makilogalamu 16,000. Zithiritani ndi zisevenitani zimene zimasamutsa anthu ndi kunyamula chimanga zili m'gulu limeneli. C ndi ya lole yaikulu yoposa apo, koma ya thupi limodzi. Chilembo E chikatsogola, ndiye kuti galimotoyo ikukoka ngolo yolemera, ndipo EC ndiyo ya pamwamba pa zonse: hosi (mutu wa thiraki, wokhala ndi injini) ndi thirela yake, kapena hosi yokoka mathirela awiri olumikizana. Amene anakhalako ku South Africa amazitchula ndi manambala akale, Code 8, Code 10 ndi Code 14, ndipo Code 14 ndi EC yomweyo. Anthu ambiri amakwera pang'onopang'ono, kuyamba ndi B kapena C1, n'kumabwerera ku sukulu akapeza ndalama. Sitepe iliyonse ili ndi mayeso a malamulo a pamsewu, chiphaso chophunzirira, kenako mayeso oyendetsa pamaso pa woyesa.

Laisensi payokha siikulolani kudya nayo. Woyendetsa galimoto ngati ntchito amafunikanso chilolezo chapadera chotchedwa PrDP, chimene chimasonyeza chomwe akuloledwa kunyamula: G ndi katundu wamba, P ndi anthu, D ndi katundu woopsa monga petulo, gasi ndi asidi. Chilolezochi chimatha msanga kuposa momwe ambiri amaganizira, ndipo pochikonzanso pamafunika kuti thupi, makamaka maso, likhale bwino. Ku South Africa malamulo amaika zaka 18 pa G, 21 pa P ndi 25 pa D, ndipo chimakhala zaka 2 zokha. Nzeru yake ndi yoonekeratu: thankala ya mafuta siyopatsa munthu amene magazi akuthamangabe.

Nanga ku sukulu amaphunzitsa chiyani? Zizindikiro za pamsewu, kusintha magiya, kunyamuka pa chitunda osabwerera m'mbuyo, kuimika, kubwerera m'mbuyo pakati pa timitengo kapena migolo. Zonsezi n'zofunika, sindikuzinyoza. Koma taganizani mmene zimachitikira. Thiraki ya sukulu kawirikawiri imakhala imodzi, yokalamba, ophunzira ali gulu. Dizilo ndi wodula, ndiye aliyense amagwira chiwongolero mphindi zowerengeka patsiku. Choposa zonse, thirela yake imakhala yopanda kanthu. Munthu amakhoza mayeso asanamvepo ndi tsiku limodzi lomwe mmene matani 30 amakankhira kumbuyo ukaponda buleki. Thiraki yopanda katundu ndi thiraki yodzaza ndi nyama ziwiri zosiyana, zongofanana khungu.

Pa nkhani ya mabuleki ndichedwapo, chifukwa apa ndi pamene anthu amafera. Galimoto yaing'ono imagwira buleki ndi mafuta a m'mapaipi. Thiraki imagwira ndi mpweya. Injini imayendetsa kompuresa imene imadzaza mpweya m'matanki, ndipo nthawi iliyonse mukaponda buleki mpweya wina umatuluka. Ndi kuja kumamveka "tsii" thiraki ikaima. Mukamapondaponda mosalekeza, mpweya umatha msanga kuposa mmene kompuresa ikubwezeretsera. Ndiye pali vuto lachiwiri, loopsa kuposa loyamba. Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Pamtsetse wautali, ndi katundu wolemera, zitsulo za mabuleki zimatentha mpaka kufuka utsi, ndipo zikafika pamenepo sizigwiranso, ngakhale mpweya uli wodzaza, ngakhale muponde ndi miyendo yonse iwiri. Nyuzipepala mawa lake imalemba kuti mabuleki anaduka. Nthawi zambiri sanaduke. Anapsa, ndipo anayamba kupsa pamwamba pa phiri, pamene dalaivala analowa mtsetse ndi giya yolakwika.

Dalaivala wodziwa amatsika phiri ndi injini. Asanayambe kutsetsereka amaima kapena kuchepetsa liwiro kwambiri, n'kulowetsa giya yaing'ono, yomweyo imene akanakwerera phirilo kapena yotsikirapo, n'kutsegula buleki ya injini kapena ritada (chida china chochepetsa liwiro popanda buleki ya phazi) ngati galimoto ili nayo. Buleki ya phazi amangoikhudza mwa apo ndi apo, n'kuisiya ipume. Amatsika ngati kamba, minibasi zikumuimbira hutala kumbuyo, iye osatekeseka. Amadziwa kuti akaphonya giya pakati pa mtsetse, injini itathamanga kale, giyayo siilowanso. Amene amatsika Chiweta pa msewu wa M1 kulunjika ku nyanja, kapena mtsetse wa ku Linthipe, kapena phiri lotsikira ku Chikwawa, kapena Kitonga ku Tanzania, amadziwa zimene ndikunena. Palinso chizolowezi china choipa chimene chimapatsirana m'gulu la madalaivala: kuchotsa giya pamtsetse kuti galimoto izingoyenda yokha, ati kupulumutsa dizilo woti akagulitse kutsogolo. Pa malita angapo amenewo munthu amataya chinthu chokhacho chimene chikanamugwirira matani 50.

Chitsanzo chimene madalaivala a njira ya ku Durban sachiiwala ndi cha pa Fields Hill, ku Pinetown. Mu September 2013 thiraki yonyamula kontena inatsika phiri limenelo italephera kuima, n'kukawomba minibasi ndi galimoto pa mphambano. Anthu 24 anafa. Woyendetsa anali mnyamata wa zaka za m'ma 20 wochokera ku Swaziland (lero Eswatini), amene anali atangoyamba kumene ntchito, ndipo m'khoti anavomera kuti mapepala ake oyendetsera anali achinyengo. Iye anapita kundende. Koma funso limene anthu ambiri anafunsa nthawi imeneyo likadali lomveka: ndani anamupatsa makiyi, ndipo anamuyesa chiyani asanamupatse? Kwathu kuno nkhani za malaisensi ogula si zachilendo. Wogula laisensi ya B amaika pachiswe moyo wake ndi wa anthu anayi. Wogula EC amaika pachiswe msika wonse wa m'mbali mwa msewu.

Zina zimene sukulu imangozikhudza pamwamba ndi kulumikiza hosi ndi thirela. Kumbuyo kwa hosi kuli chimbale chachitsulo chimene amachitcha fifth wheel, ndipo pansi pa thirela pali chikhomo chonenepa chimene chimalowa m'chimbalemo n'kutsekeka. Munthu amabwerera m'mbuyo mpaka amve kuti chagwira, koma kumva kokha sikokwanira: amatsika ndi tochi kukaona ngati chatsekadi, kenako amakoka pang'ono mabuleki a thirela ali omanga. Akatero amalumikiza mapaipi awiri a mpweya ndi chingwe cha magetsi, n'kukweza miyendo ya thirela. Kulumpha chimodzi mwa izi, thirela imatha kusiyana ndi hosi pa geti, kapena poipitsitsa pamsewu. Pokhota napo pali sayansi yake. Matayala a kumbuyo sadutsa m'mapazi a akutsogolo, amadula njira, ndiye pa raundabauti dalaivala ayenera kutenga kona motambalala uku akuyang'ana pa galasi kuti wa kabaza sanalowe m'mphako. Akabaza a njinga zamoto achulukira m'matauni mwathu, ndipo ambiri sadziwa kuti pali malo m'mbali mwa thiraki, makamaka kumanzere, pamene dalaivala sangawaone ngakhale atafuna.

Kenako sikelo. M'chigawo chathu chino malire amene mayiko anagwirizana ndi matani 56 galimoto yonse pamodzi ndi katundu, koma ogwira ntchito pa sikelo sayang'ana chiwerengero chimenecho chokha. Amayeza ekiselo iliyonse (chitsulo cholumikiza mawilo a mbali zonse ziwiri), kapena gulu la maekiselo, payokhapayokha. Mutha kunyamula matumba 600 a feteleza a makilogalamu 50, amene ndi matani 30 ndendende, kulemera konse kuli m'malire, koma n'kugwidwabe chifukwa opakira anaunjika matumba ambiri kutsogolo. Chindapusa chake n'chowawa, ndipo galimoto siichoka mpaka katundu atasanjidwanso kapena kutsitsidwa. Boma silichita izi mwankhanza chabe. Akatswiri a misewu anapeza kalekale kuti kuwonongeka kwa msewu sikukwera mofanana ndi kulemera: ekiselo ikalemera kawiri, imawononga phula pafupifupi ka 16. Thiraki imodzi yopyola muyezo imadya msewu kuposa galimoto zing'onozing'ono masauzande. N'chifukwa chake dalaivala weniweni sagona m'galimoto pamene akupakira. Amaima pomwepo, kuwerenga, kuloza poika, kukangana ndi akapitawo ngati n'kofunika. Akatha amafunditsa tenti, kumanga malamba, ndipo akayenda makilomita ochepa amaima n'kumangitsanso, chifukwa katundu akagwedezeka amakhazikika, malamba n'kukhwefuka.

Ndiye zonsezi munthu amaziphunzira kuti? Kwa zaka zambiri yankho lakhala limodzi: pa mpando wa kumanzere. Mnyamata amayamba ngati wothandizira dalaivala. Amatsuka galimoto, kumanga tenti, kusintha tayala pa dzuwa la ku Tete, kuphika nsima pa kambaula m'mbali mwa thirela, kulondera usiku kuti anthu asapope dizilo kapena kumasula mabatire. Akakhala ndi mwayi wopeza madala oleza mtima, tsiku lina pa msewu wowongoka, wopanda apolisi, amamva kuti: "Tabwera kuno mphwanga, tagwira." Mawa lake amapatsidwa kusuntha galimoto pa mzere wa pa boda. Miyezi ikamapita amaloledwa kachitunda, kenako kamtsetse. Madalaivala ambiri odziwa amene tili nawo lero anadutsa njira imeneyi, ena anaphunzira kuyendetsa zaka zingapo asanaone khomo la sukulu.

Njirayi ili ndi ubwino umene sukulu singaupereke, koma ilinso ndi mano. Palibe pangano lolembedwa, ndiye mnyamata amatha kutha zaka zitatu akutsuka matayala osagwirako chiwongolero. Zimene amaphunzira zimatengera amene wakhala naye: akakhala ndi katswiri amatenga ukatswiri, akakhala ndi wogulitsa dizilo amatenga zomwezo n'kumaziyesa mbali ya ntchito. Ngozi ikachitika iye ali pa chiwongolero popanda mapepala oyenera, inshuwalansi imakana, ndipo onse awiri ntchito yatha. Masiku ano makampani ambiri akuluakulu safunanso munthu wachiwiri m'galimoto. Anaikamo zida za satelaiti zoonetsa pamene galimoto ili, ena mpaka makamera oyang'ana m'kabini. Zifukwa zawo n'zomveka. Koma zotsatira zake n'zakuti khomo lakale lophunzirira likutsekeka, lina latsopano lisanatseguke mokwanira. Anzathu oyandikana nawo anayesako kutseka mpata umenewu: ku Lusaka kuli Industrial Training Centre, ku Dar es Salaam kuli National Institute of Transport, kumene madalaivala a galimoto zolemera amaphunzitsidwa ngati ntchito ya manja yokhala ndi silabasi yake. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene eni mathiraki athu akudzimana okha. Amadandaula kuti madalaivala abwino akusowa, amalandana omwewo ochepa, koma ndi ochepa amene amalolera kutenga wachinyamata wa EC n'kumuika pansi pa dalaivala wamkulu miyezi isanu ndi umodzi, pa malipiro, ndi ndondomeko yodziwika.

Pamene zinthu zili chonchi, njira imene imagwira kwa ambiri ndi yozungulira. Kuyamba ndi lole yaing'ono ya m'tauni, yonyamula zakumwa, simenti kapena mchenga. Kusamukira ku yaikulu ya maulendo a m'dziko momwemuno, nyengo ya fodya kapena yogawa feteleza pamene makampani amasowa anthu. Kusunga kalata iliyonse ya umboni kuchokera kwa bwana aliyense, ngakhale munagwirako miyezi inayi yokha. Kuchitako kosi ya defensive driving (kuyendetsa mopewa ngozi), imene makampani ambiri ndi mabungwe amaifunsa. Kukhala ndi pasipoti isanafunike, chifukwa mwayi wa ulendo woyamba wakunja umabwera mwadzidzidzi, tsiku limene dalaivala wina wadwala.

Ulendo woyamba umenewo ndi sukulu inanso. Wa ku Beira wochokera ku Blantyre amakhota pa Zalewa, kutulukira pa Mwanza n'kulowa Zobue. Wochokera ku Lilongwe amatulukira pa Dedza n'kulowa Calomue. Onse amakaoloka Zambezi ku Tete, kumene kuyambira 2014 kuli mlatho wachiwiri wa Kassuende umene unapeputsa wakale wa Samora Machel, kenako Changara, Catandica, Chimoio, Inchope mpaka kudoko. Wa ku Joni amapatukira pa Changara kulowera ku Nyamapanda, kudutsa Harare, n'kukaima pa mzere wa Beitbridge. Wa ku Dar amatulukira pa Songwe, kukwera mapiri a Tukuyu, Mbeya, Iringa, Morogoro. Pa chipata chilichonse pali mapepala: a katundu amene ejenti amakonza ndi a MRA ndi anzawo a tsidya linalo, chilolezo cha galimoto chodutsira malire, COF (chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ili bwino), msonkho wa msewu, inshuwalansi. Inshuwalansi ya Yellow Card ya bungwe la COMESA imagwira ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, koma Mozambique sali m'bungwe limenelo, kumeneko n'zina. Nambala imodzi ya kontena kapena ya chidindo chotsekera ikasiyana ndi ya papepala, galimoto imagona pa boda masiku. Zipata zina zasinthako. Cha Mchinji ndi Mwami chinasanduka cha malo amodzi mu December 2022, kuti munthu asamaime kawiri. Komabe kudikira ndi theka la ntchitoyi, ndipo palibe sukulu imene imaphunzitsa munthu kukhala masiku anayi pa mzere ndi alawansi ya masiku awiri. Chipwitikizi chapamsewu ndi Chiswahili chogulira chakudya ndi kulankhula ndi wapolisi zimaphunziridwa momwemo. Chimodzi chokha chotipeputsa: mayiko onsewa amayenda kumanzere ngati ife. Amene amasokonezeka ndi wopita ku Lubumbashi, chifukwa akangodutsa Kasumbalesa ayenera kusamukira kumanja.

Mathankala ndi dziko lina. Mafuta sakhala phee ngati matumba. Ukaponda buleki amathamangira kutsogolo n'kukankha galimoto, ukakhota amakhuthukira mbali imodzi. M'kati mwa thanki muli zipupa zochepetsa kuvinduka kumeneku, koma thankala yosadzaza bwino imagubuduzika pa liwiro limene thiraki ya simenti ikanadutsa bwinobwino. Woyendetsa amaphunzira za moto, za magetsi obisika amene amadzikundika mafuta akamayenda m'paipi, za zikwangwani za mtundu wa lalanje zosonyeza chimene wanyamula, ndi choti achite galimoto ikagwa. Choyamba pa zonse ndi kuthamangitsa anthu. Mu November 2016 pa Caphiridzange, m'chigawo cha Tete, thankala imene inkabweretsa mafuta ku Malawi kuchokera ku Beira inaphulika anthu atazungulira ndi zigubu, n'kupha oposa 70. Malipoti a nthawiyo ankati galimotoyo inali itapatuka pa msewu waukulu kuti mafuta ena agulitsidwe. Mu August 2019 zofanana ndi zomwezo zinachitika ku Morogoro, pa njira yathu ya ku Dar, thankala itagubuduzika.

Pali kanthu kena ka mathankala kamene wophunzira aliyense ayenera kukadziwa asanasaine pepala lililonse: shoteji, kutanthauza kuperewera kwa mafuta potsitsa. Mafuta amafufuma kukatentha, n'kunyala kukazizira. Petulo amasintha pafupifupi lita imodzi pa malita 1,000 alionse kutentha kukasintha ndi digiri imodzi. Ndiye mukapakira malita 30,000 ku Beira kotentha n'kukatsitsa ku Lilongwe m'mawa wa mu June, kutentha kutatsika ndi madigiri 10, muyezo ukhoza kuonetsa kuti malita pafupifupi 300 asowa, chonsecho palibe amene watsegula mpopi. N'chifukwa chake ku madepoti amayeza kutentha n'kuwerengera mafutawo pa mulingo umodzi wogwirizana. Dalaivala wosadziwa masamu amenewa, amene saonerera poyeza, amatha kudulidwa malipiro pa mafuta amene sanabe. Ndipo wakuba weniweni amabisala kuseri kwa masamu omwewo.

Za malipiro ndinene mosabisa. Anyamata ambiri amakopeka poona dalaivala wa m'mudzi mwawo akubwera ndi matumba a mpunga wa ku Kyela, zitenje za ku Dar, nyumba ya malata itamangidwa. Koma malipiro a pamwezi a madalaivala ambiri ndi ochepa poyerekeza ndi chuma chimene amanyamula, ndipo n'chimene chakhala chikuwatulutsa pa msewu kukanyanyala. Chimene chimasunga banja ndi alawansi ya ulendo ndi timalonda ta m'mbali. Kwacha ikagwa, monga mmene inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, alawansi imene imadyedwa kunja m'ndalama za eni ake imafota tsiku lomwelo. Malipiro owerengera maulendo ali ndi poizoni wake: amakankha munthu kuyenda usiku wonse kuti akapakirenso msanga. Ku Britain ndi mayiko a European Union lamulo limati dalaivala asapitirire maola 9 patsiku pa chiwongolero, kupatula masiku owerengeka, ndipo akayendetsa maola anayi ndi theka apume mphindi 45. M'galimoto muli kachipangizo kolemba zonsezi, wapolisi amangokawerenga. Kwathu nthawi zambiri amene amauza dalaivala kuti wagona mokwanira ndi thupi lake lokha, ndipo thupi limanama. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, thiraki imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Kusinza masekondi asanu ndi kudutsa bwalo lonse la mpira maso ali chitsekere.

Thanzi nalo limadyeka mwakachetechete: msana, BP, shuga, malungo a m'zigwa za Zambezi, ndi matenda opatsirana pogonana, amene kwa zaka zambiri anatsata misewu ikuluikulu ya chigawo chino. Si mwangozi kuti kachipatala koyamba ka m'kontena kothandiza madalaivala, kamene kanadzabala bungwe la North Star Alliance, kanatsegulidwa pa boda ya Mwanza mu 2005. Amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya a BP kaya ma ARV, amaphunzira kunyamula opitirira masiku a ulendo, chifukwa tsiku lobwerera salidziwa ndi iye.

Ena amaphunzira EC maso ali kunja. Ku South Africa malipiro ndi okwera, ndipo Amalawi, Azimbabwe ndi Azambia ambiri ayendetsako kumeneko. Koma kwa zaka zingapo tsopano magulu a madalaivala a m'dzikomo akhala akutsutsa kulembedwa ntchito kwa alendo, misewu kutsekedwa, mathiraki kuotchedwa, makamaka pa msewu wa N3 pakati pa Durban ndi Johannesburg. Wopita wopanda chilolezo chogwirira ntchito amagwera m'manja mwa mabwana amene amadziwa kuti sangakadandaule kulikonse. Ku Britain nako, madalaivala atasowa mu 2021 mpaka mashelefu m'masitolo kuyamba kuoneka mbee, mbiri inafika mpaka kuno kuti kuli ntchito. Zoona zake n'zakuti laisensi ya thiraki ya ku Malawi siisinthidwa kukhala ya kumeneko. Munthu amayambiranso: laisensi ya galimoto yaing'ono, kupimidwa ndi dokotala, mayeso a gulu la C ndi C+E, ndi satifiketi ya Driver CPC imene imafuna maola 35 a maphunziro pa zaka 5 zilizonse. Ndiye uthenga wa pa WhatsApp wolonjeza ntchito ya thiraki ku Ulaya mukangotumiza ndalama ya fomu, muziuwerenga kawiri.

Tibwerere pa geti paja. Tinene kuti foni yalira, mwaitanidwa. Makampani okhazikika sakhulupirira khadi lokha. Amakupatsani mayeso awoawo, ndipo woyesa amakhala dalaivala wamkulu kapena makaniko wa pa yadi. Amakupatsani makiyi n'kuloza galimoto, iye n'kuima poteropo manja kumbuyo. Ambiri amagwa asanalize n'komwe injini, chifukwa amathamangira kukwera m'kabini kuti aonetse kuti magiya amawatha. Woyesayo amafuna aone ngati muzungulire galimoto kaye: kuyang'ana oyilo ndi madzi, kumenya tayala lililonse kuphatikizapo am'kati, kugwira manati a mawilo, kusuzumira pansi pa chimbale cholumikizira, kukoka kawaya kotulutsa madzi m'matanki a mpweya, kuyesa magetsi onse mpaka a kumapeto kwa thirela. Mukaliza injini, amayang'ana ngati mudikire singano ya mpweya ikwere kufika pamalo pake musanamasule buleki. Kenako amakwera kumanzere, n'kukuuzani kuti mulowetse thirela chambuyo pakati pa ena awiri oimikidwa kale, mpata wake wongokwana munthu kudutsa chammbali.